Lamba Wokuliramo

Kuseri kwa nyumba yanga ku Rockingham, pakati pa khomo la kukhitchini ndi chingwe choyanikapo zovala, pagona chinthu chakuda cha labala, chotalika pafupifupi mamita atatu, chokhala ndi zikhadabo zoloza kumwamba. Alendo akafunsa kuti n'chiyani, ndimati n'chopukutirapo nsapato. Mayi a kunyumba akakhala pafupi amayamba kutsokomola. Lero ndati ndiulule ndekha, chifukwa nkhaniyi yayamba kukambidwa ku tchalitchi ndi anthu amene kunalibe, ndipo akuithira mchere wambiri.

Ine ntchito yanga ndi yolumikiza malamba. Ku mgodi wa chitsulo kumpoto uko, komwe ndimapita pa ndege kukagwira milungu iwiri n'kubwera kudzapuma umodzi, miyala imayenda pa malamba a labala aatali kwabasi. Lamba akang'ambika mgodi wonse umaima, ndipo amene amaitanidwa ndine. Ku tchalitchi amanditcha "a injiniya" (sindinawauzepo kuti atero, komanso sindinawaletsepo). Pa ntchito yathuyi tili ndi lamulo losalembedwa lakuti lamba wautali timadula, wamfupi timalira. Mulisunge lamulo limeneli, chifukwa ndi limene linandigwetsa.

Tadala ndi mwana wa mlongo wanga wa ku Ntcheu. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo kuno ku Perth, komwe ndi namwino pa chipatala chachikulu cha ku Nedlands, kholo lake ndine. Atapezana ndi Luka, mnyamata wa ku Canada wogwira naye ntchito, anabwera kunyumba n'kukhala pansi mwaulemu.

"Ankolo, ndasankha inu kuti mukhale nkhoswe yanga, osati a mkulu wa mpingo," anatero. "Ine ndi Luka tikadzasemphana, ndikufuna munthu woti adzakhale pansi n'kutimvetsera tonse awiri."

Ndinavomera chifuwa chili patsogolo. Mawu akuti "kumvetsera" analowa khutu ili n'kutulukira linali. Chimene ndinamva ine n'chakuti ndapambana mkulu wa mpingo. Madzulo ake mlongo wanga anaimba foni n'kuwonjezera nkhuni pamoto: "Achimwene, ine sindibwera, mwendowu sundilola. Koma chonde, azunguwo asakatione ngati anthu opanda kanthu."

Loweruka lina m'mawa Luka anaimbira bambo ake pa foni ya kanema kuti tidziwane. Bambo akewo, a Godoni, ndi mkulu wosayankhulayankhula, wa ndevu zoyera. Posowa chokamba anayamba kutionetsa m'shedi mwawo, ndipo pakona panali njinga yawo yoyenda pa chipale chofewa chija amati sinowo. Kutsogolo ilibe tayala, ili ndi timatabwa tiwiri totsetsereka. Kumbuyo ili ndi lamba wa labala wozungulira ngati wa akasinja a asilikali, wokhala ndi zikhadabo zogwira pansi. Anati ndi imene amapitira kokawedza nyanja ikauma gwa ndi kuzizira, koma lamba wake watha, mwina chaka chino n'chomaliza.

Nditangomva mawu akuti lamba, mtima unadumpha. Apa ndiye panali mphatso ya chinkhoswe yoti anthu adzaikambe. Enawa amapereka zitenje ndi tiziboliboli ta njovu, koma ine ndidzapereka chinthu cha ntchito yanga, chimene asewere akuchisowadi.

Nditamunong'oneza Luka anakondwa, n'kundilembera manambala anayi pa kapepala: 15, 121, 2.52 ndi 1. (Iye amayankhula Chingerezi, ine ndikungokumasulirani, Chichewa chake chimathera pa "zikomo" ndi "ankolo".) Anafotokoza kuti onsewo ndi mainchesi. Yoyamba ndi m'lifupi mwa lamba, yachiwiri ndi kuzungulira kwake konse, yachitatu ndi mtunda wochoka pa bowo lina la lambayo kufika pa linzake, ndipo yomaliza ndi kutalika kwa zikhadabo.

"Ankolo, manambala awa ali ngati nambala ya foni," anatero. "Mukasintha imodzi, mwaimbira munthu wina."

Ndinamusisita paphewa. Mwana wa dzulodzuloyu akundiphunzitsa ine za lamba!

Nditatsegula tsamba la sitolo ya ku Canada pa kompyuta, ndinaona chinthu chimene chinandiwawa. Lamba wa 121 anali pamwamba penipeni pa mndandanda, wamng'ono kuposa onse. Pansi pake panali 137, 146, 154, kumangokulirakulira. Ndiye ine, nkhoswe, ndikaime pamaso pa mpingo wonse n'kupereka kwa asewere kanthu kotsiriza kuchepa m'sitolo yonse? Mlongo wanga akamva adzati chiyani?

Komanso inu mukudziwa mmene tinakulira. Bambo anga sanandigulirepo nsapato yokwana. Ankagula yaikulu, n'kupanikiza nyuzipepala kutsogolo, n'kunena kuti, "Udzakuliramo." Kabudula wa sukulu ankafika m'mawondo, malaya ankabisa kabudulayo. Kwathu chinthu chokwana lero timachiona ngati chatha kale. Choncho ndinatsika ndi mndandanda uja mpaka ndinapeza lamba wa 162, wa zikhadabo za mainchesi atatu, zonenepa ngati zala za mlimi. Pa nambala yachitatu ija panalembedwa 3 m'malo mwa 2.52, ndipo ine ndinaona kuti imeneyi ndiye nambala yaudongo, yopanda timadontho tosokoneza. Akatalika, ndinadziuza, tidzadula.

Mayi a kunyumba anasuzumira pa kompyutapo. "Abambo a Pempho, bwanji osangowauza a sitolowo akatule kwa asewere konko? Achoke ku Canada, abwere ku Perth, abwererenso ku Canada? Lambayo akudzaona dziko?"

"Mayi, mphatso ya chinkhoswe imaperekedwa m'manja, anthu akuona."

"Nanga manambala a mkamwini aja mwawatsata?"

"Ndawawongolera pang'ono."

Anangoti, "Paja safunsa anadya phula," n'kubwerera kukhitchini. Mtengo wake wa lambayo pamodzi ndi ulendo wake sinditchula, chifukwa mayiwa nawonso amawerenga zimene ndimalemba.

Katundu anafika mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo. Ndinakamutenga ku depoti ina ku Kewdale, komwe woyendetsa chonyamulira mabokosi anali bambo wa ku Zambia. Atasuzumira m'bokosimo anaseka mpaka kuvula chipewa.

"Ba mudala, nanga ichi nichani? Muli na tanki ya nkhondo ku nyumba?"

"Ndi lamba wa njinga ya pa sinowo," ndinayankha modzikuza.

Anayang'ana kumwamba, komwe kunalibe ndi kamtambo komwe, n'kupukuta thukuta. "Awe, mwakonzeka bwino. Ikagwa sinowo mu Perth, mukanitenge na ine."

Kutatsala masiku asanu kuti chinkhoswe chichitike, ndinamuitana Luka m'galaja kuti aone. Ndinkayembekezera kuti akuwa ndi chimwemwe. Iye anangoima, dzanja pakamwa. Kenako anagwada, n'kuwerenga manambala odindidwa pa labalapo.

"Ankolo, uyu ndi wa m'mapiri," anatero motsitsa mawu. "Kumene sinowo amafika m'chiuno, kumafunika lamba wautali kuti njinga isamire, ndi zikhadabo zazitali zopalasira. Kwa bambo n'kwa chidikha, njira zake n'zolimba. Ndiponso pa njinga yawo salowa n'komwe. Koma musadandaule. Bola asakhudzidwe, a sitolo avomera kusintha. Ingomubwezerani m'bokosi, pa chinkhoswe tidzangonena kuti mphatso ili m'njira."

Mnyamatayu anayankhula mwaulemu wonse, ndipo njira yopulumukira anandipatsa m'manja. Koma ine chimene ndinamva n'chakuti mkamwini wandikonza, m'galaja mwanga, pa nkhani ya lamba. Ndiponso ndikaime pa chinkhoswe chimanjamanja, n'kumati mphatso ili m'njira, ngati wandale wolonjeza mlatho? Ndinamuuza kuti ndamva, n'kumuperekeza pa geti.

Lachinayi masana, mayi a kunyumba atapita ku ntchito, ndinatseka galaja n'kutulutsa zida zanga. Ndinayeza ndi tepi, ndinalemba ndi choko, ndinanola mpeni. Mpeni unangolowa pang'ono n'kugunda chinthu cholimba. Kunapezeka kuti m'kati mwa labalamo muli timitengo topingasa, tolimba ngati mafupa, kamodzi pakati pa bowo ndi bowo. Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kudzifunsa kuti, kodi chinthu chopangidwa chonchi, chozungulira chopanda polumikizira paliponse, anachipanga kuti chizidulidwa? Ine ndinangosuntha mpeni n'kudula pambali pake.

Ndinachotsa chidutswa, n'kulumikiza mbali ziwirizo ndi zomangira zachitsulo zimene timagwiritsa ntchito ku mgodi. Pano ndisaname, ntchito imene ija inali yokongola. Mzere unali wowongoka, zitsulo zitagona mofanana. Nditayeza ndinapeza 120 m'malo mwa 121, ndipo inchi imodzi yotsalayo ndinati asewere adzakoka. Ndinamukulunga m'chitenje chatsopano, n'kusamba m'manja ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Chinkhoswe chinachitikira mu holo ya tchalitchi. A Godoni anabwera atavala malaya a chitenje amene tinawasoketsera (nawonso anali aakulu pang'ono, ndine ndinauza telala), nkhope ili psu ndi kutentha. Mlongo wanga ankaonera zonse ali ku Ntcheu, pa foni imene mayi a kunyumba anaimika pa tebulo lakutsogolo. Zonse zinayenda bwino. Luka anamuzindikira Tadala pakati pa atsikana ofundidwa zitenje, tinasinthana nkhuku ndi a kuchimuna (zootcha kale za m'sitolo, kuno tambala wamoyo ungamangidwe naye), ndipo amayi analuluta mpaka aneba anasuzumira.

Kenako woyendetsa mwambo anandipatsa maikolofoni. Amuna awiri a m'kwaya analowa atanyamula mtolo uja ngati mbuzi. Ndinayankhula nthawi yaitali. Ndinanena za zaka zanga pa ntchito ya malamba, ndinanena kuti ife a ku Ntcheu sitipereka kanthu kakang'ono, ndinanenanso kuti lambayu ndamukonza ndi manja angawa kuti akwane ndendende. Nditavundukula chitenje anthu anaomba m'manja, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chimene akuombera. Ndinaona Luka atatseka maso.

A Godoni anadzuka, anandigwira chanza mwamphamvu, n'kugwada pa lambayo. Anasisita zikhadabo zija. Anayang'anitsitsa zitsulo zanga zolumikizira zija kwa nthawi ndithu. Kenako anaika chala m'bowo limodzi n'kuyamba kuwerenga, bowo ndi bowo, kuzungulira lamba yense.

Atatha anaimirira n'kundiyandikira kuti andinong'oneze, pofuna kundisungira ulemu. Tsoka ilo, maikolofoni ndinali nditaigwira pachifuwa, ili yoyatsa.

"Mabowo ndi 40," mawu awo anamveka mpaka kukhomo. "Njinga yanga imafuna 48. Kutsogolo kuli gudumu la mano, ngati la tcheni cha njinga yakapalasa, ndipo dzino lililonse liyenera kugwa pamalo pake. Kutalika mwafikapo, koma mabowowa atalikirana. Gudumu langa silingayende nawo ngakhale kamodzi."

Woyendetsa mwambo, munthu wokhulupirika pa ntchito yake, anamasulira zonsezo m'Chichewa kuti a ku Ntcheu asatsalire.

Apa ndinali nditagwa kale, koma ndinafuna kukumbanso dzenje. "Palibe vuto asewere, mabowo enawo tiboola."

Mkuluyo anapukusa mutu mwachifundo. "Lamba ameneyu salumikizidwa, bwenzi langa. Amapangidwa wathunthu chifukwa amathamanga kwambiri, akupindika pa timagudumu ting'onoting'ono. Polumikiza pakadzaduka, ine ndidzakhala ndekha pakati pa nyanja youma, kutali ndi nyumba. Kwathu munthu akatsala panjira chotero, kuzizira kumamupha."

Woyendetsa mwambo anamasuliranso. Sindinali nditaganizapo kuti mphatso yangayi, ikanatheka kulowa pa njingayo, bwenzi nditapha nayo asewere ukwati usanachitike. Ndiye pa foni paja panatuluka mawu a mlongo wanga, okweza monga amayankhulira anthu a kumudzi pa foni:

"Achimwene! Asewerewo sanakondwere? Kapena chachepa?"

Holo inaphulika. Amayi a chigwirizano ankagwirana mapewa, mkulu wa mpingo uja anabisa nkhope m'pulogalamu, ndipo a Godoni atawamasulira anaseka mpaka misozi. Ine ndinalakalaka simenti itang'ambika kuti ndilowemo ndi suti yomwe.

Koma kusekedwa sikumene kunandipweteka kwambiri. Anthu akudya, ndinazemba kupita koimika magalimoto, ndipo Tadala ananditsatira atavala chovala chake cha chinkhoswe. Sanakweze mawu.

"Ankolo, Luka anakulemberani manambala. Anabweranso kudzakuuzani kuti musamukhudze. Munati mwamva." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chala kuti asawononge zodzola. "Ine za lamba ndilibe nazo ntchito. Koma ngati manambala anayi a pa pepala simunawamvere, ife tikadzabwera ndi mavuto a m'banja, mudzatimvera? Kapena mudzangodula n'kulumikiza mmene mukuonera inuyo?"

Mwana amene ndinamunyamulapo m'manja ali wakhanda anali atandiuza zoona, ndipo zinandilasa. Ndinavula chipewa n'kupepesa. Iye anangoti, "Dzina la nkhoswe ya pa ukwati abusa akulifuna sabata ya mawa. Ndiganize kaye," n'kubwerera mu holo.

M'mawa mwake titaweruka ku tchalitchi, galimoto ya Luka inaima pa geti. Anatsika a Godoni, Luka ndi Tadala. Ndinkaganiza kuti abwera kudzandivula udindo, koma mkuluyo anapempha kuti aonenso lamba uja. M'galajamo anagwada pa zitsulo zanga zija n'kuzisisita.

"Ndakhala ndi njinga zimenezi moyo wanga wonse," anatero, "koma kulumikiza kowongoka chonchi sindinakuonepo. N'kosathandiza, koma n'kokongola. Mungandidulire pokhapa? Ndikakapachike m'shedi, anzanga sakakhulupirira ndikangowauza pakamwa."

Ndinawadulira. Kenako ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chiyambire ntchito ya malamba. Ndinakoka mpando, n'kunena kuti, "Asewere, tandiphunzitsani. Yambirani poyambirira."

Anayamba. Anandionetsa kuti kutalika kwa lamba sikuyezedwa ndi tepi yokha, koma umawerenga mabowo n'kuchulukitsa ndi mtunda wa pakati pawo. Anati zikhadabo zazitali pa njira yolimba zimangopindika n'kuthothoka, ndipo lamba amatentha chifukwa sinowo amene amayenera kumuziziritsa samufika. Anati lamba wautali amayandama bwino koma amavuta pokhota, ndipo wamfupi uja ndinamunyoza ine ndiye woyenera munthu wa m'njira zokhotakhota za m'nkhalango. Kangapo konse lilime linandiyabwa kuti ndinene mmene timachitira ku mgodi. Ndinaliluma. Mayi a kunyumba, amene anaima pakhomo ndi Tadala, akuti anayang'ana wotchi, ndipo ndinakhala chete ola lathunthu, chinthu chimene sanachionepo chikwatirane.

Alendo akukwera galimoto, Tadala anatsalira m'mbuyo pang'ono.

"Ankolo, abusa akufuna ankhoswe Loweruka, teni koloko." Anandiyang'ana m'maso, kumwetulira kukubisala pakona pa mlomo. "Teni koloko yeniyeni. Musaiwongolere."

Ndinafika teni koloko yeniyeni. Lamba woyenera, wa mabowo 48, anagula ndi Luka, ndipo a sitolo anakatula kwa asewere konko, popanda woomba m'manja. Wanga uja ndi amene wagona kuseriyu. Kunena zoona matope amachotsa bwino kwambiri.

Chaka chatha Tadala anabereka mwana wamkazi, ndipo atayamba kuimirira ndinati ine monga agogo ndigule nsapato zoyamba. Ndinaimba foni n'kufunsa saizi. Ndinamvetsera mpaka Tadala atamaliza, ndinalemba pa pepala, ndinamuwerengeranso kuti atsimikize. M'sitolo ndinapeza nsapato ya nambala yomweyo, ndinaiika pachikhatho, ndipo kanali kansapato kakang'ono zedi, komvetsa chisoni. Pambali pake panali inzake yokulirapo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, pepala lili m'dzanja ili, mawu a bambo anga ali m'khutu.

Ndinagula yokulirapoyo. Koma lisiti ndinasunga, ndipo sindinadule kalikonse.